Chifukwa Chake Keke Imafufuma

Aphunzitsi ndi ana nonse a sukulu, makamaka inu a ku Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, malo amene kale ankatchedwa Feira, lero tiphunzira za zotupitsa. Ufa wa tirigu umachokera kutali, ndipo shuga, mafuta ndi mazira n'zodula. Keke ikakanika, banja lataya ndalama.

Mukadula keke yabwino mumaona timabowo tambirimbiri. Timabowoti timapangidwa ndi mpweya wotchedwa carbon dioxide. Mpweyawu ukatenthedwa umatukumula phala la keke, kenaka phalalo limapsa n'kuuma, timabowo tija n'kutsala. Ntchito ya chotupitsa ndiyo kutulutsa mpweya umenewu.

Chotupitsa choyamba ndi soda. Ntchito yake pa therere mumaidziwa, pakuti imafewetsa ndiwo monga chidulo cha phulusa chimene makolo athu ankatcheza. Koma mu keke soda imafuna bwenzi, ndilo chinthu chowawasa: chambiko, madzi a mandimu, kapena madzi a malambe amene ali ambiri m'chigwa chathu chino. Popanda chowawasa, keke imachita chikasu ndipo imamveka ngati sopo m'kamwa.

Chachiwiri ndi baking powder. Uyu ndi soda yosakaniza kale ndi chowawasa chouma, choncho amangofuna madzi ndi moto. Anampanga Alfred Bird wa ku Birmingham mu 1843, chifukwa mkazi wake ankadwala akadya buledi wa yisiti.

Chachitatu ndi yisiti. Iyi ndi tizamoyo tating'ono kwambiri timene timadya shuga n'kutulutsa mpweya. Madzi owira amatipha, madzi ofunda amatidzutsa. Yisiti ndi ya buledi ndi mabanzi. Kuno kotentha, makamaka mu Okutobala, mtanda umatupa msanga, ndipo ukakhalitsa umasasa.

Tsopano mverani zolakwa zisanu zimene zimaononga keke.

Choyamba, kuyesa ndi maso. Pa kapu imodzi ya ufa ikani supuni yaing'ono imodzi ya baking powder, yosasefukira. Ngati ndi soda, gawani supuniyo panayi, mutenge gawo limodzi, pakuti soda ndi yamphamvu koposa. Mukachulutsa, keke imakwera mofulumira ufa usanalimbe, kenaka imagwa pakati. Ufa wolembedwa kuti self-raising uli nacho kale chotupitsa, musaonjezenso.

Chachiwiri, chotupitsa chakale. Chinyezi cha nthawi ya dzinja chimatha mphamvu ya baking powder. Sungani m'chitini chotseka bwino. Pofuna kumuyesa, thirani pang'ono m'madzi otentha: akapanda kuchita thovu, watha ntchito.

Chachitatu, kutakasa kwambiri. Keke si nsima. Ufa wa tirigu uli ndi ulimbo wake wotchedwa gluten, umene umagwira mpweya. Mukavundula nthawi yaitali ulimbowo umalimba, keke n'kukhala yotafuna ngati mphira. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umenewu, n'chifukwa chake chikondamoyo chimalemera kuposa keke.

Chachinayi, kuchedwa. Soda ikangokumana ndi chowawasa, mpweya umayamba kutuluka pomwepo. Kolezani moto musanasakanize, kuti phala lisadikire.

Chachisanu, moto. Mu uvuni keke imafuna madigiri 180. Ngati muphikira mumphika pa mbaula, chepetsani makala a pansi, muike ena pa chivundikiro. Moto wambiri umapsereza kunja, m'kati muli mwauwisi. Ndiponso musavundukule mphindi 20 zisanathe, pakuti mphepo yozizira imagwetsa keke. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikaoneka yofiirira, ibayeni pakati ndi kamtengo koyera: kakatuluka kouma, yapsa.

Aphunzitsi, mukatha kumvera, chitani ichi ndi ana. Tengani mabotolo awiri. M'loyamba thirani madzi okha, m'lachiwiri madzi a malambe. Ikani soda m'zibaluni ziwiri, mumange chimodzi pakamwa pa botolo lililonse, ndipo mutsanulire sodayo m'kati. Ana aone chibaluni chimene chitukumuke, ajambule m'makope mwao, ndipo ayankhe mafunso awa: Kodi mpweyawo wachokera kuti? Nanga n'chifukwa chiyani botolo lina silinachite kanthu?

Ana inu, mukafika kunyumba mukafotokozere makolo anu zimene mwaona.