Zomwe ndinaona ku Limbe

Chaka chatha ndinapita ku Limbe kukagulitsa nandolo, ndinapeza sitolo ya mmwenye amene amandigula ili yotseka. Akuti Diwali, chikondwerero cha Ahindu. Ndinadandaula, thiransipoti yonse ija!

Madzulo anandiitanira kunyumba kwake. Agogo aakazi anali pansi ndi adzukulu, akuyatsa tinyale tadothi, akusimba m'Chigujarati za Rama wobwerera kwawo ku Ayodhya atatha zaka 14 m'nkhalango. Anawo Chichewa amayankhula ngati ife, koma nkhaniyo ankaimaliza okha.

Nditabwerera kuno ku Majaua, mwana wanga anandipempha nthano. Ndinangoti "Padangotero," basi, zina zonse ndaiwala. Mayi anga alipo koma akalamba. Ndikupempha kalabu yathu, Loweruka lino tipite ndi rekoda tikawajambule, awailesi akaulutse.