Penti wa pa injini ya njinga yamoto: zoyenera kudziwa chitini chisanakwere Ilala



Nkhani ya lero ikuoneka yaing'ono, ndipo ena angadabwe kuti kodi khonsolo yasowa zokamba mpaka kufika pa penti wa injini. Koma aliyense wokhala pa chilumba chino akudziwa ntchito imene njinga yamoto imagwira. Magalimoto kuno ndi owerengeka. Mayi amene matenda amuyamba usiku ku Makulawe kapena ku Nkhwazi amafika ku chipatala cha St Peter's atakwera njinga. Sitima ikakocheza, makatoni a sopo, matumba a ufa ndi alendo omwe amachoka kugombe pa njinga. Njinga imodzi ikaima, banja lina limagona ndi njala, ndipo mudzi wina umatalikira.

Komanso kuno njinga siwonongeka monga imawonongekera kumtunda. Mmisiri wa ku Mzuzu akasowa gasiketi amatuma mnyamata kusitolo, ndipo ntchito imatha tsiku lomwelo. Kuno chosowa chilichonse chimadikira ulendo wapamadzi wochokera ku Nkhata Bay. Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira mu 1951, imaima pano kamodzi popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera pa sabata. Munthu amene waitanitsa chitini cholakwika sataya ndalama za chitinicho zokha ayi. Amatayanso masiku amene njinga ikadakhala ikubweretsa ndalama.

Zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi. Mwini njinga wasonkhanitsa ndalama kwa miyezi ingapo, wagula pisitoni, maring'i, mavalavu ndi magasiketi, mmisiri wamasula injini yonse ndi kuimanganso. Ntchito ili pafupi kutha, mwiniyo aona kuti injini yakwana m'kati koma kunja ikuoneka yokalamba, yathimbirira ndi oyilo ndi dzimbiri. Akumbukira kuti kunyumba kudatsala penti amene adapaka chitseko, kapena amene adapaka boti. Atenga bulashi, apaka mokhuthala kuti ziwale bwino. Tsiku loyamba njinga ioneka ngati yachokera m'katoni. Ikangoyenda ulendo umodzi wokwera chitunda, penti uja ayamba kufewa, kununkha ndi kufuka utsi. Fumbi la mumsewu limatirira pamenepo ngati pa ulimbo. Pakatha masabata angapo, penti watupa matuza, wada, wasweka, ndipo wina watsalira m'mipata momwe mphepo imayenera kudutsa.

Kuti izi zimveke, m'pofunika kukumbukira mmene injini ya njinga zimenezi imazizirira. Galimoto ili ndi radiyeta ndi madzi. Injini ya boti imakoka madzi a m'nyanja kuti izizire. Njinga zambiri zoyenda pa chilumba chino zilibe zonsezi. Zimadalira mphepo yokha. N'chifukwa chake silinda ndi hedi zili ndi timizere tachitsulo totuluka kunja, tooneka ngati zipsepse za nsomba. Zipsepse zimenezi si zokongoletsa. Ntchito yake ndi kukulitsa malo amene mphepo imakhudza, kuti kutentha kochokera m'kati momwe petulo akuyaka kutuluke msanga. Chilichonse chophimba zipsepsezo mokhuthala, kaya matope, kaya oyilo wosakanikirana ndi fumbi, kaya penti, chili ngati bulangete lofunditsidwa munthu wodwala malungo masana a mwezi wa Okutobala.

Pa Likoma vutoli limakula chifukwa cha misewu. Njinga yoyenda mu mchenga ndi m'miyala, itanyamula anthu awiri ndi katundu, imayenda pa giya yaing'ono. Injini imagwira ntchito yolemera pamene mphepo yoiziziritsa ili yochepa. Injini yotentha mopitirira imasungunula oyilo mpaka kukhala ngati madzi, maring'i atsopano aja amatha msanga, gasiketi ya hedi imapsa, ndipo nthawi zina pisitoni imagwira m'silinda. Apo ndalama zonse za ovaholo zapita.

Tsono injini sitentha mofanana paliponse, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yosankha penti. Mbali ya m'munsi, momwe mumakhala oyilo ndi magiya, pamodzi ndi zotsekera za m'mbali, imatentha pafupifupi ngati madzi owira kapena kupitirirapo pang'ono. Silinda ndi hedi zimatentha kwambiri: pa ntchito yolemera zimafika pakati pa madigiri 150 ndi 230, ndipo pafupi ndi potulukira utsi pamaposa apo. Paipi ya ekizozi, pamene yangochoka pa hedi, imatha kupitirira madigiri 500. Penti wamafuta wopaka zitseko ndi mawindo sadapangidwire kutentha kotere. Amayamba kugonja kutentha kukangodutsa pa madzi owira.

Penti woyenera alipo wa mitundu iwiri, ndipo sasinthanitsidwa. Woyamba ndi amene pachitini pake palembedwa kuti engine enamel. Kawirikawiri amapirira mpaka madigiri 260, ndipo akauma bwino salowedwa ndi oyilo kapena petulo. Ameneyu ndiye wa silinda, hedi ndi zotsekera za injini. Wachiwiri ndi wa ekizozi, wopangidwa ndi silikoni, amene amapirira madigiri 600 kapena 650, ndipo wina kuposa pamenepo. Munthu angaganize kuti popeza wachiwiriyu ndi wamphamvu pa moto, kuli bwino kupaka yemweyo injini yonse n'kupumula. Maganizowo ndi omveka, koma ndi olakwika. Penti wa silikoni amalimba pokhapokha atawotchedwa ndi kutentha kwakukulu. Pa ekizozi kutenthako kulipo. Pa zotsekera za m'munsi kulibe, choncho pentiyo amakhala wosakhwima mpaka kalekale, ndipo dontho la petulo lochokera ku kabuleta limamusungunula n'kusiya mzere. Penti wopaka mbaula ndi masitovu ali ndi vuto lomwelo: moto amaupirira, petulo samupirira.

Pali msampha wina pa manambala olembedwa pachitini, ndipo wakola anthu ophunzira omwe. Zitini zina, makamaka zopangidwira msika wa ku America, zimalemba kutentha m'muyeso wa Fahrenheit, pamene kuno anthu adazolowera wa Celsius. Chitini cholembedwa 500°F chimapirira madigiri 260 okha a Celsius. Cholembedwa 1200°F ndiye cha madigiri pafupifupi 650. Amene waona 500 n'kuganiza kuti wapeza wa ekizozi adzaona penti wake akusanduka phulusa pa ulendo woyamba. Choncho wotuma m'bale wake ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay asangonena kuti "penti wa moto". Atchule nambala ndi chilembo chotsatira nambalayo, C kapena F, ndipo ngati foni ilipo, wotumidwayo ajambule chitinicho atumize chithunzi asanalipire. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Chitini chosalembedwa nambala iliyonse, chongojambulidwa malawi a moto, chisiyidwe pa shelefu. Khonsolo sitsatsa malonda a kampani iliyonse. Chofunika ndi zolembedwazo.

Za mtundu, anthu amatsutsana kwambiri pansi pa mitengo ya ku Mbamba. Ena amati wakuda amaziziritsa, ena amati wakuda amakoka dzuwa. Zoona zake n'zakuti chitsulo chimataya kutentha m'njira ziwiri: mphepo imakuchotsa, komanso chitsulocho chimakuwaza chokha monga mbaula imafunditsira munthu wokhala patali. Aluminiyamu wopukutidwa mpaka kunyezimira sawaza bwino kutentha. Wopakidwa penti wopyapyala wosanyezimira amawaza bwino kwambiri, ndipo pa zimenezi wakuda ndi wamitundu ina sasiyana kwenikweni. Amene amatsalira ndi penti wonyezimira ngati siliva. Komabe gawo lalikulu la ntchito yoziziritsa ndi la mphepo. Ndiye kukangana za mtundu n'kutaya nthawi ngati pentiyo wapakidwa mokhuthala. Wakuda wosanyezimira, wopakidwa mopyapyala, ndi chisankho chabwino. Ndipo kusapaka n'komwe si tchimo: injini ya aluminiyamu yotsukidwa bwino, yopanda penti, imagwira ntchito yake mosavuta. Chimene chimafunadi chitetezo ndi chitsulo chochita dzimbiri, monga paipi ya ekizozi, chifukwa ngakhale madzi a nyanjayi alibe mchere, chinyontho cha kugombe ndi mvula zimadya chitsulo ndithu.

Penti wabwino wopakidwa pamalo akuda ndi ndalama zotayidwa. Ntchito yaikulu ndi yotsuka, ndipo ndi imene anthu amaithamangira. Oyilo yense achoke, penti wakale wosweka apalidwe, dzimbiri lichotsedwe ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, kenaka apukute ndi thina ndi kansalu koyera, osagwiranso ndi manja a girizi. Parafini amachotsa litsiro koma amasiya mafuta ake, choncho asakhale womaliza. Zinthu ziwiri zipewedwe kotheratu. Choyamba ndi soda uja wopangira sopo: pa chitsulo wamba amachotsa mafuta, koma aluminiyamu amamudya. Chachiwiri ndi mchenga. Amayi amakwecha mapoto ndi mchenga wa kunyanja ndipo amawala, koma injini si poto. Kamchenga kamodzi kotsalira m'njira ya oyilo kamakanda mabering'i ndi silinda, ndipo injini yongomangidwa kumene imayamba kulira ngati yakale. Ngati pakufunika pulayimala, makamaka pa aluminiyamu amene penti samugwira msanga, nayenso akhale wolembedwa kuti amapirira kutentha kofanana ndi penti wapamwambayo. Pulayimala wamba pansi pa penti wa moto amapsa, n'kugwa naye limodzi.

Asanapopere, mmisiri aphimbe ndi tepi ndi mapepala malo onse amene penti sayenera kufika: pokhala magasiketi, bowo la pulagi, mazinga a mabawuti, polowera petulo ndi potulukira utsi, ndi pamene waya wa magetsi amagwira chitsulo cha injini. Aphimbenso nambala ya injini. Nambala yokwiriridwa ndi penti imavuta kuwerenga, ndipo tsiku limene apolisi kapena a Road Traffic adzafune kuifananiza ndi mapepala, mwini njinga wosalakwa adzakhala ndi zambiri zofotokoza.

Kupopera kumafuna kudekha. Chitini chigwedezedwe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, chigwidwe pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo dzanja liziyenda osaima pamalo amodzi. Kupopera kawiri kapena katatu mopyapyala, n'kumapumira mphindi ngati 10 pakati, kumaposa kupopera kamodzi mokhuthala. M'mipata ya zipsepse penti asadikhe. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma, pamthunzi, pamalo opita mphepo koma osati yamkuntho. M'miyezi ya mwera, fumbi ndi mchenga zimamatirira pa penti wosauma. M'masiku a mvula chinyontho chimamuchititsa mbuu. Wopoperayo atseke mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali, ndipo pasakhale mbaula kapena ndudu pafupi, pakuti mpweya wa m'chitinimo umayaka.

Gawo lotsiriza, limene ambiri salidziwa, ndi kukhwimitsa pentiyo. Penti wa moto akauma kunja amakhala asanalimbe. Kumafakitale amamuwotcha mu uvuni wapadera. Kuno injini yomweyo ndiyo uvuni wake. Malangizo enieni ali pachitini ndipo atsatidwe, koma njira yake imakhala yotere: atadikira kuti penti aume, aliza injini kwa mphindi ngati 10, aizimitsa kuti izizire, ailizanso kwa nthawi yotalikirapo, aizimitsanso, kenaka ayenda nayo ulendo wofatsa wopanda katundu. Utsi pang'ono ndi fungo pa nthawiyi si zodabwitsa. Mwayi wake n'ngwakuti maring'i atsopano nawonso amafuna kuyamba mofatsa chomwecho. Chongofunika kusamala n'chakuti injini yodalira mphepo isalire nthawi yaitali njinga itaima, makamaka masana. Zida zopakidwa penti zisalowetsedwe mu uvuni wophikira buledi kapena pa chiwaya choumitsira nsomba, chifukwa utsi wake ndi poizoni ndipo umatsalira m'chakudya.

Chenjezo lina lipite kwa ogula njinga zogwiritsidwa kale ntchito, kaya kumtunda kaya kutsidya ku Cobue. Injini yopakidwa penti watsopano wokhuthala iyenera kuyang'anitsitsidwa kawiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti amabisa ming'alu ya pa hedi, zipsepse zothyoka zomatidwa ndi guluu, ndi malo odontha oyilo. Wogula ailize mpaka itenthe, aione pansi ndi m'mbali, ndipo atenge mmisiri amene amamukhulupirira.

Za ndalama, chitini chimodzi cha mamililita 400 chimakwanira silinda ndi hedi ya njinga yaing'ono n'kutsalako, ndipo wa ekizozi amatsala wambiri. Anyamata a pa siteji imodzi angathe kusonkherana zitini ziwirizo n'kupaka njinga zingapo, m'malo moti aliyense aitanitse zake. Pa ulendo wapamadzi zitinizo zisaikidwe padzuwa kapena pafupi ndi injini ya boti, chifukwa zikatentha kupitirira madigiri 50 zimatha kuphulika. Zikatha zisaponyedwe pamoto wa zinyalala. Thina wotsala, oyilo wakuda ndi nsanza zopukutira zisatayidwe kugombe, ndipo njinga isatsukidwire m'nyanja, pakuti madzi omwewo ndi amene mabanja amatunga, ndipo ndi momwe mumachokera usipa ndi utaka zimene ana a pa zilumba ziwirizi amadya.