Bwato Ndi Lako, Koma Nyanja Ndi Yathu Tonse

Mawu amene analankhulidwa kwa mafumu ndi makomiti a m'madoko ndi m'mitsinje pa msonkhano wa ku Chikanda, mu mzinda wa Zomba



Mwina ena mukudabwa kuti nkhani ya nsomba tikukambiranji kuno ku Chikanda kumene kulibe doko. Yankho lake ndi mtsinje wa Likangala umene ukudutsa pafupi pomwepa. Madzi ake amachokera m'phiri la Zomba n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choncho zinyalala zotayidwa mu mtsinje kuno, ndi dothi lokokoloka chifukwa chodula mitengo kumtunda, zonse zimakapeza msodzi wa ku Kachulu ndi wa pa chilumba cha Chisi.

Lero tikufuna tikambirane mawu amene timawamva kawirikawiri tikamayendera madoko. Msodzi akagwidwa ndi khoka losokerera neti ya udzudzu amati, "Bwato ndi langa, khoka ndinagula ndekha, nyanja ndi ya Mulungu. Angandiletse ndani? Masiku ano kuli ufulu." Tisafulumire kumunyoza munthu ameneyu. Theka la mawu ake ndi loona, ndipo makolo athu akanagwirizana nalo.

Pa chikhalidwe chathu, kaya ndife Anyanja, Ayao kapena Alomwe, munthu wamkulu sanali katundu wa mfumu. Anali ndi munda wake, nkhokwe yake ndi mawu ake. Mlandu unkakambidwa pabwalo, poyera, ndipo wolakwa yemwe ankapatsidwa mpata wolankhula, nkhoswe yake ili pambali. Mfumu inkagamula itamva nduna zake. Posankha wolowa ufumu, amayi akuluakulu a mbumba ankakhala ndi mawu amphamvu. Ndipo mfumu ikachita nkhanza, mwini mbumba ankasonkhanitsa abale ake n'kusamuka kukamanga mudzi kwina. Mfumu yotsala ndi mabwinja si mfumu. N'chifukwa chake akuluakulu amati mfumu ndi dzala: imalandira zonse, zabwino ndi zoipa, chifukwa ufumu wake ndi anthuwo.

Koma theka lina la nkhaniyi msodzi uja waliiwala. Makolo omwewo ankati munthu weniweni ndi amene amatha kudzigwira. Kuchinamwali ankalangiza mwana kuti tsopano wakula, asadikire chikwapu kuti achite zoyenera. Wodya mbewu yobzala, kapena wothira katupe pa dziwe limene mudzi wonse umamwapo, sankatamandidwa kuti ndi mfulu. Ankatchedwa wopanda umunthu. Kudzilamulira kunkayamba ndi kudziletsa.

Zinthu zinasintha m'nthawi ya atsamunda. Mu 1912 boma linayamba kuika mafumu akuluakulu oti aziligwirira ntchito, ndipo mu 1933 linawapatsa makhoti ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo m'madera mwawo. Pang'onopang'ono mfumu inayamba kuyang'ana kwa DC kuposa kwa anthu ake. Nsomba nazo zinasanduka "za boma," ndipo asodzi ambiri anazolowera kuona lamulo ngati chinthu chochokera kutali, choyenera kuzembedwa. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anabwezera mfundo yakale ija, yoti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu. Kenako lamulo la kasamalidwe ka nsomba la 1997 linatsegula khomo loti asodzi azigwira ntchito limodzi ndi boma.

Tiyeni tione zitsanzo zinayi za kwathu konkuno.

Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Msosa inakhazikitsa malamulo ake m'zaka za m'ma 1950. Mvula ikayamba cha mu Disembala asodzi onse amachoka pachilumbapo mpaka cha mu Epulo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Malamulowa akhala zaka zambiri chifukwa asodzi amaona phindu lake usodzi ukatsegulidwa, ndipo amayang'anirana okhaokha.

Ku nyanja ya Chiuta, mu 1995, asodzi eni ake anapanga makomiti ndi kuthamangitsa makoka a nkacha amene ankawononga nsomba zazing'ono ndi kuvundula madzi. Sanadikire kuti wina wochokera ku ofesi awayambitsire.

Ku Malombe, kumene ndondomeko ya ma BVC inayambira mu 1993 chambo chitasowa, ulendo unali wovutirapo. Maganizo anachokera kunja, ena analowa m'makomiti chifukwa cha ndalama za pamisonkhano, ndipo m'madoko ena asodzi enieni anali ochepa m'komiti. Asodzi ambiri sanaone malamulowo ngati awo.

Chachinayi ndi Chilwa yathuyi. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Pa kuuma kwa 1995, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje monga Likangala ndi Domasi. Mafumu ndi anthu awo anagwirizana zoletsa katupe ndi kuteteza maiwewo. Njala inalipo, matemba ali pomwepo, koma anthu ambiri anadzigwira. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinaswananso. Nyanjayi inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, ndipo tiyembekezere kuti idzatiyesanso.

Phunziro ndi limodzi: lamulo limene munthu wavomereza ndi pakamwa pake amalisunga ngakhale usiku, kutali ndi maso a komiti. Nyanja ya Chilwa ndi yaikulu, mabango ndi ochuluka, ndipo asodzi ena amakhala miyezi m'zimbowera. Palibe bwato la boma limene lingafike paliponse. Mlonda weniweni ndi mtima wa msodzi.

Tsono pempho lathu ndi ili.

Kwa inu mafumu: kale munthu wosakhutira ankasamuka, koma lero malo anatha. Chatsala ndi mawu ake, choncho musamutseke pakamwa. Lolani asodzi asankhe okha komiti yawo. Inu khalani bwalo lomaliza pamene komiti yalephera. Ndipo ndiwo zimene mlendo wabweretsa pakhomo panu zisasanduke chilolezo chophera nsomba ndi zida zoletsedwa. Anthu amaona.

Kwa inu a makomiti: lamulo lililonse latsopano likambidwe pagulu. Aitaneni eni makoka, alovi, otchera miono, amayi ogula ndi kuwamba nsomba, ndi asodzi obwera omwe. Munthu akalakwa, mumumve kaye musanamulipiritse. Chindapusa chilembedwe m'buku, wolipira alandire lisiti, ndipo ndalama ziwerengedwe pamsonkhano. Chilango cha mlamu wa wapampando chifanane ndi cha mlendo.

Kwa inu asodzi: muli ndi ufulu wofunsa, wotsutsa pamsonkhano, ndi wochotsa komiti yosakhulupirika pa chisankho. Gwiritsani ntchito ufulu umenewu masana pabwalo. Koma mukavomereza kuti makoka apume m'nyengo imene nsomba zikuswana, mawu anu akhale amodzi.

Kwa inu a kuno ku Chikanda ndi kumtunda konse: musataye zinyalala mu Likangala, musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo mchenga musakumbe mogumula magombe. Matemba amene mumagula mumsika amachokera m'madzi omwewa.

Ifenso a za usodzi tili ndi mbali yathu: kumva tisanalamule, ndi kufika pamene mwatiitana.

Msodzi uja akadzanenanso kuti bwato ndi lake, muvomereni. Kenako mumufunse kuti mwana wake adzapalasa bwatolo kukapha chiyani.