MAOLA A PANDEGE NDI MALIRE A IHRAM: Mawu kwa Ofuna Kupita ku Haji



Pa tsiku lino la Eid-ul-Adha, anzathu amene anapita ku Haji ali pa Mina. Ife a komiti taganiza zoti tilankhule ndi inu amene mukusunga ndalama za fodya ndi mtedza kuti Allah akalola mudzapite.

Ambirife kuno kwa Dambe timaganiza kuti ku Makka ndi kumathero a dziko. Ayi ndithu. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la King Abdulaziz ku Jeddah pali makilomita pafupifupi 4,000. Amalaŵi ambiri amadzera ku Addis Ababa, dziko la Ethiopia. Chigawo choyambacho ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola ngati 4 ndege ikapanda kuima pena. Kuchoka ku Addis Ababa kukafika ku Jeddah ndi makilomita 1,400 okha, maola aŵiri ndi theka. Chimene chimatalikitsa ulendo ndi kudikira ndege yachiŵiri. Mukatera pa Addis, wotchi muikankhire kutsogolo ndi ola limodzi, nthaŵi ya Swala ingakusokonezeni.

Tsono nkhani yagona pa maola aŵiri ndi theka aja. Mtumiki (SAW) anaika malire otchedwa Miqat, amene wopita ku Makka kukachita Haji kapena Umra sayenera kuwadutsa asanaloŵe mu Ihram. Kwa ochokera kummwera, malowo ndi Yalamlam. Akale, oyenda pa ngamira, ankaima pamenepo nkusamba mosathamanga. Koma ndege, abale anga, siima! Imayenda makilomita oposa 800 pa ola, ndipo imadutsa malirewo muli m'mwamba, isanatere ku Jeddah. Ndege zina amalengeza, zina salengeza, komanso chilengezocho chimakhala m'Chingerezi kapena m'Chiarabu, mwina inu muli mtulo.

Wodutsa wopanda Ihram, malinga ndi ma Ulama ambiri, ayenera kubwerera ku Miqat, apo ayi azinge mbuzi kapena nkhosa ku Makka yopatsa osauka. Ndalama imeneyo simunaiŵerengere pochoka kuno.

Choncho sambani ndi kuvala nsalu ziŵiri zoyera zija musanakwere ndege ya ku Jeddah, kenaka muchite niya ndi kuyamba talbiya ndege isanayandikire malire. Amayi zovala zanu zaulemu zomwezo zikwanira. Koma abambo, chonde, nsaluzo zikhale m'kachikwama ka m'manja. Sutikesi yaikulu mukaipereka ku Lumbadzi, kaŵirikaŵiri mumakaionanso ku Jeddah, malire mutadutsa kale.

Amene gulu lanu likayambire ku Madina, izi sizikukhudzani panjira. Inu mudzavalira pa Dhul Hulaifa, potuluka mu Madina. Funsani mtsogoleri wa gulu lanu musanamange katundu kuti mukayambira kuti.

Wassalamu alaikum.