SHELENI YATHU NDI KAZENERA KA KU BUCHALA



Masiku ano timamva kawirikawiri mau akuti, "Lekani kugula kwa uje, lekani kugula cakuti." Ena abvomera msanga, ena aseka nati ndalama ya wosauka ilibe mau. Tisanatsutsane, tiyeni tikumbutsane m'mene makolo athu anagwiritsira nchito cida cimeneci pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia.

M'zaka za Federesheni, imene inayamba mu 1953, munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo la masitolo ambiri a Azungu. Anali kuima panja pa kazenera ka m'mbali, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Ku buchala ndiko kunali koipitsitsa. Dona analowa m'kati naloza nyama imene afuna. Mai wa ku Matero kapena ku Chilenje anapatsidwa phukusi lokulunga kale, osaona za m'kati. Pofika kunyumba apeza mafupa ndi mitsempha, nthawi zina zonunkha. Komatu sheleni yake inali yofanana ndi ya Dona, ndipo mwini sitolo poziwerenga madzulo sanazisiyanitse ai.

Mu January 1954 cipani ca Congress, cotsogozedwa ndi Bambo Harry Nkumbula, mlembi wace wamkuru ali Bambo Kenneth Kaunda, cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala. Amuna ndi akazi anaima pafupi ndi makomo kukumbutsa anzao. Cimene anapempha cinali cimodzi, comveka ngakhale kwa mwana: tilowe pa khomo, tione nyama ndi maso athu, tisankhe tokha. Mu 1956 kuleka kugula kunabweranso, tsopano kokhudza masitolo enanso, ndipo kunafika ndi ku matauni a ku Migodi.

Ife amene tagwirako nchito pa mgodi tidziwa kulemera kwa sitalaka. Ukaleka nchito malipiro aima, dzina lako lilembedwa m'buku, ndi nyumba ya kampani ikhoza kukucoka. Mu September 1956 Boma linagwira atsogoleri ambiri a bungwe la anchito a m'migodi cifukwa ca masitalaka. Koma ndi lamulo lotani limene lingakakamize munthu kuturutsa tiki m'thumba mwace? Palibe. Ncifukwa cace apolisi anali kugwira awo oima pa makomo, pakuti mai wokhala pakhomo pace naphika nyemba analibe mlandu woti amzenge.

Tisanamizane kuti zinali zopepuka. Katundu wolemera anasenza ndi amai. Iwowo ndiwo anayang'ana ana m'maso ndi kuwapatsa ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku, ndiwonso anayenda mitunda kufuna kogula kwina. Ndiponso m'masitolo omwewo munali abale athu, onyamula katundu ndi osesa, amene anagona ndi mantha kuti malonda akafa iwo ndiwo oyamba kucotsedwa. Amene aitana anthu kuti aleke kugula, naiwala kunena kumene anthuwo adzapeza cakudya ndi tsiku limene nkhondoyo idzatha, ameneyo asewera ndi mimba za anzace.

Za mowa zinabvuta koposa. Mu 1957 anthu anauzidwa kuti aleke kumwa m'mabiyaholo a makhansulo, m'mene phindu lace linali kulowa m'thumba la olamulira tauni, pamene amai ofulula mowa m'komboni anali kugwidwa. Mlandu unali woona, koma kuleka mowa si kuleka nyama ya mafupa. Ena anazemba usiku, ena anaopsezedwa ndi anzao, ndipo panabuka ndeu pakati pa ife tokhatokha. Pa buchala wotinyoza anaoneka ndi maso pa kazenera. Pa biyaholo munthu anayamba kulimbana ndi mnansi wace.

Mazenera aja anatsekedwa pang'onopang'ono, sitolo ino lero, ina mawa, pamene eni ace anaona kuti nyama iola pa mbedza. Mu 1960 panabwera lamulo lotsegulira anthu onse nyumba zodyeramo ndi za kanema, zaka zinai ufulu wa pa 24 October 1964 usanafike. Bambo Kaunda iwo analeka kudya nyama cifukwa ca cipongwe ca m'mabuchala, ndipo mazenera atatsekedwa sanaibwererenso.