Klatchi yaikulu pa pikapu yakale: tisanasonkhe ndalama, timvetse kaye

Amene mukuwerengera pa Facebook, izi ndi zimene ndinayankhula pamsonkhano wathu, ndangokonza apa ndi apo.

Nkhani mukuidziwa. Pikapu imene timabwereka ponyamula manyowa ndi zokolola za kumunda wa kalabu yayamba kulephera zitunda, ndipo pali maganizo oti tithandizeko kugula klatchi, koma yaikulupo kuposa imene ilimo. Ena mwati "yaikulu ndiye yamphamvu, tigule basi." Ine ndikuti tiyambe tafatsa. Klatchi yaikulu ikhoza kuthandiza, sindikukana, koma siwonjezera mphamvu ya galimoto ngakhale pang'ono, ndipo sibwera yokha.

Klatchi ntchito yake ndi kulumikiza ndi kulekanitsa injini ndi giyabokosi. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo chozungulira cholemera, amachitcha flywheel. Pa flywheel pamakhala puleti ya klatchi, imene ili ndi zikopa zonga za mabuleki mbali zonse ziwiri. Ndiye pali pressure plate, imene imaipana puletiyo pa flywheel ndi sipuling'i yamphamvu. Phazi likakhala kuti silili pa chopondera, zitatuzi zimazungulira ngati chinthu chimodzi. Mukaponda, release bearing imakankha sipuling'i ija, puleti imamasuka, inu n'kusintha giya. Ndi zomwezo basi. Mphamvu imachokera mu injini, klatchi imangoipereka. Ngati injini ndi 2L ya dizilo ija ya malita 2.4, ikhalabe 2L ngakhale muikemo klatchi yaikulu ngati chiwaya.

Nanga kukulako kumathandiza chiyani? Zinthu ziwiri. Choyamba, zikopa zikakhala kutali ndi pakati zimagwira mwamphamvu, monga mmene sipanala yaitali imamasulira bauti imene yaifupi yakanika. Chachiwiri, chimene kwa ine n'chofunika kwambiri, ndi kutentha. Klatchi imapsa nthawi imene ikuterereka, makamaka ponyamuka pachitunda katundu ali tho. Puleti yaikulu ili ndi malo ambiri ogawira kutenthako, ndiye imachedwa kupsa.

Koma tiyeni tione manambala. Pa ma Hilux akale mumapezeka kwambiri klatchi za mamilimita 225 ndi 236. Kusiyana kwake ndi mamilimita 11 okha, pafupifupi 5 peresenti. Si zambiri ayi. Pamene anthu amati "nditaika yaikulu galimoto inasintha," nthawi zambiri chimene chasintha n'chakuti achotsa klatchi yakutha n'kuika yatsopano, komanso pressure plate yatsopanoyo imapana mwamphamvu kuposa yakale yotopa ija. Akanaika yatsopano ya saizi yomweyo, mwina akananenanso chimodzimodzi.

Ndiye funso loyamba lisakhale la saizi. Likhale loti: kodi ikutererekadi, nanga chifukwa chiyani? Kuyesa kwake n'kosavuta. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka pomwe kutsogolo kulibe anthu, kokani handibuleki, ikani giya wachitatu kapena wachinayi, n'kumachotsa phazi pang'onopang'ono. Klatchi yabwino imazimitsa injini. Injini ikapitiriza kulira phazi mutachotsa, ndiye kuti ikuterereka. Musabwereze kambirimbiri, mukhoza kuimalizitsa nokha. Pamsewu chizindikiro chake n'choti mukaponda moto pachitunda injini imakuwa koma liwiro osaonjezeka, kenako fungo lija la chinthu chopserera.

Chifukwa chake chikhoza kukhala kutha kwa zikopa, inde. Koma chikhozanso kukhala oilo. Kumbuyo kwa injini kuli oil seal, ndipo kutsogolo kwa giyabokosi kulinso ina. Imodzi ikamadontha, oilo amanyowetsa puleti. Mukaika klatchi yatsopano osasintha seal imeneyo, kaya yaikulu kaya yaing'ono, posakhalitsa idzayambanso kuterereka, ndalama zathu zitapita. Ikhozanso kukhala nkhani ya chopondera chimene chilibe kampata kaja koyenda chisanayambe kukankha, moti release bearing imangokhala ikukankha sipuling'i nthawi yonse. Imeneyo ndi ya sipanala chabe. Ndiye pali adalaivala athu ogoneka phazi pa klatchi ulendo wonse, kapena oimika galimoto pachitunda ndi klatchi m'malo mwa handibuleki. Amenewo sindiwatchula, akudzidziwa okha, ena ali muno.

Tsopano tinene kuti tayesa zonse ndipo tatsimikiza kuti tikufunadi yaikulu. Apa ndi pamene ndalama zimachuluka. Pressure plate imamangidwa pa flywheel ndi mabauti, ndipo mabowo a yaikulu kawirikawiri sagwirizana ndi a yaing'ono. Kutanthauza kuti pafunikanso flywheel ina. Flywheel imeneyo igwirizane ndi mabowo a kumbuyo kwa crankshaft, ndipo mano ake akunja agwirizane ndi sitata, apo ayi galimoto siiliza. Pakati pa puleti pali mano ena olowa pa shafiti ya giyabokosi. Ma Toyota ambiri akale ali ndi mano 21, koma musakhulupirire ine kapena wogulitsa, werengani nokha. Komanso zonsezi zikwane m'kati mwa bell housing popanda kukhula. Mukamapita kukagula, kaya ku Ndirande kaya ku Biwi, nyamulani zakalezo m'thumba, mukaziike pambali pa zatsopano. Mawu oti "ikwana, bwana" sabweza ndalama.

Ena amabooletsa mabowo atsopano pa flywheel yakale. Zimatheka ngati malo osalala opondapo puleti ndi aakulu mokwanira, ndiponso ngati ntchitoyo yagwiridwa pa makina ndi munthu woidziwa. Chitsulo chimenechi chimazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi. Mabowo akapendekeka pang'ono, galimoto yonse imanjenjemera. Za kuboola ndi dirilo ya m'manja pansi pa mtengo wa mango, ine ayi.

Palinso klatchi zimene amazitcha heavy duty, za saizi yomweyo koma sipuling'i yolimbirapo. Kwa pikapu ngati yathuyi, imeneyi ndi imene ine ndingayambe kuifunsa mtengo, chifukwa flywheel imakhala yomweyo, kungoisalaza pa makina ngati yapsa mawangamawanga kapena yakumbika. Choipa chake, chopondera chimalemera, ndipo master cylinder ndi slave cylinder zakale zimene zinkangopirira zimayamba kudontha. Koma zija za zikopa za ceramic zooneka ngati mabatani tizisiye. Zimagwira mwadzidzidzi, galimoto imanyamuka modumpha, ndipo pamzere wa magalimoto m'tauni zimatopetsa.

Pali chinthu china chimene sitikuchinena. Pikapu zambiri zamtunduwu zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba aja nawonso amalemera. Ife timaika angati? Mukudziwa nokha. Klatchi ikamaterereka pa katundu wotere, imakhala ikuteteza zinthu zina zodula. Mukaika yosagonja, nkhonya yonse imapita ku giyabokosi, ku propshaft ndi ku difu, ndipo mtengo wa giyabokosi si wa klatchi. Komanso klatchi imakukwezani chitunda, koma sikutsitsani. Amene munatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena wa Chiweta, mukudziwa mmene mabuleki amanunkhira. Mabuleki, matayala ndi masipuling'i zikhala zomwezo.

Maganizo anga ndi awa: tisonkhe, koma ndalama zituluke giyabokosi itatsitsidwa, makaniko ataona flywheel ndi ma seal onse awiri ife tilipo. Ntchito yotsitsa giyabokosi ndiyo yotopetsa, ndiye ikangotsika tisinthiretu zonse pamodzi: puleti, pressure plate, release bearing ndi kaberingi kakang'ono ka pakati pa flywheel, kotchedwa pilot bearing. Kusiya beringi yakale pofuna kupulumutsa ndalama zochepa n'kudzalipira makaniko kawiri.

Amene mudzapite kukathandiza kugalaja, musadzalowe pansi pa galimoto imene yangoima pa jeke yokha. Fumbi la m'kati mwa bell housing musadzaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa zikopa zina zakale zinkapangidwa ndi asbestos, amene amaononga mapapo; pukutani ndi kansalu konyowa. Puleti ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, kawirikawiri amalembapo, muonetsetse asanamange. Ndipo ikatuluka mugalaja, makilomita mazana angapo oyamba iyende ndi katundu wopepuka kuti zikopa zikhazikike. Ndiye a Treasurer, ulendo wa manyowa uja musauike sabata yomweyo.

Amene ali ndi mafunso, manja m'mwamba.