BOTI SALIGAWA PAKATI: CHUMA CHAMASIYE M'MBALI MWA NYANJA KU NKHOTAKOTA

Nkhani ya lero ikuchokera kugombe la nyanja m'boma la Nkhotakota, koma ikukhudza banja lililonse limene lili ndi kanthu kotchedwa chuma, kaya ndi ng'ombe ku Mzimba, chigayo ku Dedza kapena sitolo ku Mulanje. Funso lake ndi limodzi: mwini chuma akatsikira kuli chete, zimene wasiya zikhale za yani?

Munthu woyenda m'madooko a ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, amaona msanga kuti chuma cha msodzi chili pa zinthu zinayi: boti, injini, chilimila ndi nyali zokopera usipa usiku. Zinthu zimenezi zimagwira ntchito pamodzi ngati mafuwa. Zikakhala pamodzi zimadyetsa banja la mwini wake, mabanja a alovi ake, ndiponso amayi amene amayanika nsomba pathandala. Zikamwazika, palibe chimene chingaphe nsomba pachokha.

Nyanja nayo siwuza munthu tsiku. Mwera ukakuntha m'miyezi yozizira, amuna ena amene ananyamuka madzulo ali bwinobwino sabwerera kumtunda. Tsono zimene zimachitika m'mabanja ena maliro akangotha n'zodziwika. Mchimwene wa malemu atenga injini, mwana wa mlongo wake atenga boti, atsibweni apinda chilimila. Mayi wamasiye atsala ndi miphika ndi ana, ndipo chaka chisanathe mwana amene anali kusekondale ali pakhomo chifukwa chosowa fizi. Amene anagawana katunduyo nawonso sapindula, pakuti injini yopanda boti imangochita dzimbiri kuseri kwa chitseko mpaka itagulitsidwa pamtengo wolira.

Si bwino kufulumira kunyoza mwambo pa nkhani imeneyi. Pakati pa Achewa, amene amatsata chikamwini, mwamuna ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ana ankawerengedwa a mbumba ya mayi wawo. Wowayang'anira weniweni anali atsibweni awo. Bambo akamwalira, khasu lake, nkhwangwa ndi bwato lake zinkabwerera kwa abale ake, ndipo anawo sankavutika chifukwa munda ndi nkhokwe zinali za kuchikazi. Koma moyo unasintha. Lero bambo ndiye amalipira sukulu, ndipo boti ndi injini zimagulidwa ndi thukuta la anthu awiri: mwamuna panyanja, mkazi pamsika wa nsomba kapena m'dimba la mpunga. Mwambo umene kale unkateteza ana ndi womwewo umene anthu adyera akubisalamo powalanda.

Malamulo a dziko anayenda pang'onopang'ono potsata kusinthaku. Lamulo la mawilo ndi chuma chamasiye la chaka cha 1967 linkati mwamuna wa kudera la chikamwini akamwalira osasiya wilo, chuma chake chigawidwe pasanu: magawo awiri apite kwa mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, magawo atatu apite kwa olowa chuma mwamwambo. M'maboma a chilowola, monga a kumpoto, ankagawa pakati ndi pakati. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 1994, m'ndime 24, analamula kuti mchitidwe wolanda amayi katundu, kuphatikizapo wamasiye, uthetsedwe. M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo lakale lija kuti kulanda chuma chamasiye ukhale mlandu. Ndipo m'chaka cha 2011 linafafanizidwa lonse, m'malo mwake munalowa lamulo latsopano limene likugwira ntchito tsopano.

Lamulo la 2011 linachotsa gawo la olowa chuma mwamwambo. Munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankawasamala, monga makolo ake okalamba. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Ana onse amawerengedwa, aakazi ndi aamuna, obadwira m'banja ndi obadwira kunja komwe. Munthu wotenga katundu wa malemu popanda chilolezo cha lamulo angathe kukhala kundende zaka 10, ndiponso kulamulidwa kubweza zimene anatenga. Wolandidwa angakadandaule kupolisi, kwa bwanamkubwa wa boma, kubwalo la milandu kapena ku ofesi ya Administrator General, imene imayang'anira chuma cha anthu omwalira.

Komabe lamulo lili ndi polekezera. Limatchula oyenera kulandira, koma silidziwa boti la munthu. Msodzi amene wasiya akazi awiri, wina ku Nkhotakota wina ku Dwangwa, ndi ana asanu ndi atatu, onsewo ali ndi gawo. Pofuna kuti aliyense alandire lake, njira yapafupi ndiyo kugulitsa zonse ndi kugawana ndalama. Ndalamazo zimatha m'miyezi yochepa, pamene botilo likadadyetsa anawo zaka zambiri. Amene angaletse zimenezi ndi mwini wake yekha, akadali moyo, polemba wilo.

Kulemba wilo si ntchito yovuta. Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukuyenda bwino, angathe kulemba, ngakhale m'Chichewa. Wilo iyenera kukhala papepala, pakuti mawu onenedwa pamphasa ya matenda aliyense amawakumbukira mokomera iye mwini. Mwini wake asayine, kapena adinde chala ngati sadziwa kulemba, pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mbonizo zisayinenso. Ndi nzeru kusankha mboni zimene sizidzalandira kanthu m'wiloyo. Pepalalo lisasungidwe pansi pa matiresi, pamene woyamba kulipeza angaliponye pamoto. Likasungitsidwe kubwalo la milandu, kwa loya kapena kubanki, ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe kumene lili.

M'wilomo msodzi angathe kunena kuti boti, injini ndi chilimila zisalekanitsidwe. Angasankhe munthu wokhulupirika, kaya mkazi wake, kaya mbale wake, kaya awiri pamodzi, woti asunge katunduyo m'malo mwa ana mpaka atakula. Wosungayo si mwini. Ntchito yake ndi kutumiza boti panyanja, kulipira alovi, kukonza injini, kulemba zolowa ndi zotuluka, ndipo phindu lipite ku chakudya ndi sukulu ya ana. Akadya chumacho, bwalo la milandu lingamuchotse ndi kumulipiritsa. Apa ndi pamene mwambo ndi lamulo zimagwirana chanza, pakuti m'bale amene kale ankabwera kudzatenga, tsopano angabwere kudzasunga. Mwini chuma ngati afuna kuthokoza mayi ake kapena mwana wa mlongo wake amene ankapalasa naye, angawalembere gawo lawo momveka. Chimene sangachite ndi kusiya mkazi ndi ana ake manja lende, chifukwa bwalo lili ndi mphamvu yowapatsa chowathandiza kuchokera m'chumacho. Wilo imasinthika nthawi iliyonse, ndipo munthu akakwatiranso ayenera kulemba yatsopano.

Anthu ambiri amaopa kuti kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Koma msodzi amene amamanga boti lake pachikhomo madzulo sakhala akuitana namondwe. Amangodziwa kuti nyanja imasintha usiku. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Abale a malemu akakumbukira mawu amenewa, ndipo eni chuma akagwira cholembera nthawi ikadalipo, boti limene linadyetsa bambo lidzabwererabe kudooko m'mawa ndi nsomba za ana ake.